Mwambi wa njovu ndi mame: kodi ku Changalume ukunena ndani?

Akuluakulu ndi nonse odziwa Chichewa chakale, ndithandizeniko. Mwambi uja wakuti "ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame" umatanthauzanji kwenikweni? Ena ndimawamva akuti "kunja kulibe mame". Kodi mawu ake enieni ndi ati?

Ndafunsa chifukwa kuno ku Zomba, nkhani ya Changalume ikangoyambika, sipalephera wina kuutchula mwambiwu.

Kwa amene simukudziwako, Changalume ndi kadera kakang'ono kumadzulo kwa phiri la Zomba, cha kumatsitso opita ku Shire. Kumeneko kunali mgodi wa miyala ya laimu ya kampani ya Portland Cement. Miyalayo ankaiphwanya, kuigaya, n'kuiwotcha m'ng'anjo yaikulu mpaka isanduke timibulu tolimba totchedwa clinker. Timibuluto ankatinyamula pa sitima, poti njanji inachita kupatuka kukafika komweko, kupita nato ku Blantyre kukatipera kuti tikhale simenti. Nyumba, masukulu ndi milatho yambiri ya m'dziko muno inamangidwa ndi mwala wa kwathu kuno. Ng'anjoyo inazima kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ndipo clinker inayamba kuchokera kunja. Lero dzina la Changalume ambiri amalidziwira asilikali amene ali kumeneko.

Tsono amene amaponya mwambiwu amaloza anthu omwe ankagwira ntchito pamgodipo. Amati anali ndi malipiro a pamwezi, anaiwala khasu, njovu itawatsitsa anapezeka alibe pogwira. Kwa iwo mame ndi mavuto amene akukudikira tsiku lotsika, ndiye mwambiwo ndi chenjezo loti usunge kangachepe.

Ine kumasulira kumeneku kumandiwawa, ndipo sindikukhulupirira kuti makolo ankatanthauza zokhazo. Aliyense amene anadutsapo m'kanjira ka udzu m'mamawa akudziwa kuti mame sadikira mawa ayi. Amanyowetsa miyendo lero lomwe, pamene wapanjovu uja akudutsa ali gwa, wouma. Ndiye ine ndimamva ngati mwambiwu ukunena za anzako oyenda pansi nthawi yomweyo: usakane kuti akuvutika chifukwa choti iwe sizikukukhudza.

Tikautenga motero, wokwera njovu si bambo amene ankaswa miyala tsiku lonse, fumbi lili mbuu kumaso, kuti ana apite kusukulu. Ameneyo ndiye anali m'mamemo. Okwera tinali ife a m'tauni, ogula thumba la simenti mosavuta osafunsa kuti mwalawo ukadzatha, anthu a kumene ukuchokerako adzadya chiyani. Mgodi si munda woti chaka chamawa udzabzalanso.

Mwina matanthauzo onse awiri ndi oona, koma ndikufuna kudziwa lomwe linayamba. Agogo anu ankaunena pa nkhani zotani? Podzudzula mwana wosakaza chuma, kapena podzudzula mfumu kaya munthu wolemera amene sakumva madandaulo a anthu ake? A kwa Mlumbe, a ku Chingale, ndi inu amene makolo anu anagwirako ntchito ku Changalume, kwanuko mumaunena bwanji? Ngati m'Chiyao muli wofanana nawo, ulembeninso, chifukwa kuno zilankhulo ziwirizi zimabwerekana zambiri.