Claim ya sikani ya chiuno cha khanda yabwezedwa kachiwiri, ndikulakwitsa pati?

Moni nonse, makamaka inu amene mumagwira ntchito ya billing ya zipatala za ku America, yotumiza ma claim (mapepala opempha malipiro) kwa a inshuwaransi. Ine ndangotha miyezi isanu pa ntchitoyi, ndiye mundipirire ngati funso langa ndi lachibwana.

Tili ndi khanda lomwe linakhala motsogoza matako m'mimba mpaka mwezi womaliza. Madokotala anakonzeratu tsiku la opaleshoni, ndipo mwana anabadwa mayi ake asanayambe n'komwe kumva zowawa za kubereka. Anabadwa bwinobwino. Dokotala wa ana anamuyeza chiuno, sanapeze chodandaulitsa, komabe analamula kuti akakwanitsa milungu 6 ajambulidwe sikani. Sikaniyo inachitikira kwathu konkuno, ndipo pa claim ndinaika 76885, code (nambala) ya sikani ya chiuno cha khanda.

Pa code ya chifukwa cha sikaniyo, ulendo woyamba ndinatenga O32.1XX0, ya mimba imene mwana watsogoza matako, chifukwa ndi imene ndinaiona pa mapepala a mayi. A inshuwaransi anabweza. Ulendo wachiwiri ndinaika Z38.01, ya mwana wobadwa pa opaleshoni, pamodzi ndi P03.0, ya mwana wobadwa motsogoza matako, poganiza kuti apa ndiye ndatha. Abwezanso. Bwana wanga ali pa tchuthi, ndipo amene watsala mu ofesi wangondiuza kuti "yesani ina". Kuyesa mwachimbulimbuli ndiye sindikufuna. Code yoyenera ndi iti, nanga chifukwa chake n'chiyani?

Coder_wakale:
Achemwali, poyamba chotsanimo O32.1 m'mutu mwanu. Code iliyonse yoyamba ndi O ndi ya mayi, siilembedwa pa fayilo ya mwana ngakhale tsiku limodzi. Chimodzimodzi za P sizipita pa fayilo ya mayi. Z38.01 nayonso munaiika posayenera. Imeneyo imagwira ntchito kamodzi kokha, pa kugonekedwa kumene mwanayo anabadwira, ndipo amaiika ndi a chipatala chimene anabadwiracho. Mwana akabweranso patapita milungu 6, Z38 yatha ntchito. Ndikukhulupirira kuti claim yachiwiri inagwera pamenepo.

Wofunsa:
Zikomo achimwene. Ndiye ndingochotsa Z38.01 n'kusiya P03.0 yokha?

Coder_wakale:
Musafulumire. Werengani mawu a P03.0: ikunena za mwana amene wakhudzidwa ndi kubadwa kwenikweniko motsogoza matako, kapena kukokedwa pobadwa. Wanuyu mwati anabadwa pa opaleshoni yokonzeratu. Yoyandikira nkhani yake ndi P01.7, ya mwana wokhudzidwa ndi kukhala molakwika m'mimba nthawi yobereka isanayambe. Ziwirizi anthu amazisakaniza kwambiri, ngakhale okhalitsa pa ntchito. Koma ngakhale P01.7 simungaiike chifukwa choti ine ndanena. Dokotala walemba chiyani pa chifukwa cha sikaniyo?

Mzamba_wopuma:
Za ma code ine sindilowererapo, mwanangu, ndingokuuzani chifukwa chake dokotalayo analamula sikani pomwe mwana akuoneka wabwino. Mwa ana 100 obadwa pa nthawi yake, atatu kapena anayi amakhala atatsogoza matako. Miyendo imakhala yopindikira m'mwamba kwa milungu yambiri, ndiye fupa la ntchafu nthawi zina silikhazikika bwino m'malo mwake m'chiuno. Opaleshoni siichotsa chiopsezo chimenechi, chifukwa vuto linayambira m'mimba. Kuyeza ndi manja kuja, kwa Ortolani ndi Barlow, sikugwira zonse. Amadikira milungu 6 chifukwa khanda longobadwa kumene mfundo zake zimakhala zofewa, sikani imatha kuonetsa vuto lomwe likanatha lokha. Ana aakazi ndiwo amapezeka nalo kwambiri. Mukamvetsa zimenezi, kalata yodandaula kwa a inshuwaransi siikuvutani kulemba.

Mayi_wa_awiri:
Ine ndimaika Z05.72 ndipo imadutsa.

Coder_wakale:
Kudutsa si umboni woti ndi yolondola, mayi. Gulu la Z05 linabwera mu October 2016, ndipo ndi la makanda a m'masiku 28 oyambirira amene amawaganizira vuto, atawayeza n'kupeza kuti palibe. Mwana wa milungu 6 wapyola kale masiku amenewo. Tsiku lina akadzabwera ofufuza mabuku mudzavutika kufotokoza.

Mayi_wa_awiri:
Nanga P01.7 yanuyo si ya masiku 28 omwewo?

Coder_wakale:
Ayi, pamenepo pali kusiyana. Malamulo a ICD-10-CM, buku la ma code a matenda, amalola code ya P kupitirira ngakhale mwana atakula, bola vutolo likhale loti linayambira nthawi imeneyo ndipo likadalipobe. Funso ndi lakuti dokotala akuona kuti likumukhudzabe mwanayo kapena ayi. Ngati mwana alibe chizindikiro chilichonse ndipo sikani ndi yongofufuza, ambiri amatsogoza Z13.828, ya kufufuza matenda a mafupa ndi minofu, kenako n'kuwonjezera P01.7 ija ya kukhala molakwika m'mimba kuti aonetse chifukwa chake. Akanakhala kuti dokotala anamva chiuno chikulira poyeza, bwenzi tikukamba R29.4. Sikani ikapeza vuto lenileni, mumapita ku gulu la Q65, la mavuto a chiuno obadwa nawo. Koma dziwani kuti makampani ena a inshuwaransi salipira sikani yongofufuza, ngakhale code ikhale yolondola chotani. Aimbireni foni akuuzeni chimene anakanira, musamangoganizira.

Wa_ku_radiology:
Onaninso lipoti la sikaniyo. 76885 ndi ya pamene akujambula akuyendetsa mwendo wa mwana. Ngati anangojambula mwendo uli phee, ndi 76886. Ndaonapo ma claim akubwezedwa pa chifukwa chokhachi.

Wofunsa:
Ndabwerera ku fayilo. Lipoti likunena kuti anayendetsa mwendo, ndiye 76885 ili bwino, ndipo chiuno chilibe vuto. Koma pa pepala lolamula sikani dokotala anangolemba mawu amodzi, "breech" (kutsogoza matako), basi. Sanatchule kuti ndi nthawi ya pakati kapena pobadwa, ndiye ine ndinangolotera P03.0. Ndamutumizira funso kuti alongosole yekha m'fayilo. A inshuwaransi ndawaimbira, andidikiritsa pa foni mpaka tiyi kuzizira, koma atsimikiza kuti anakanira Z38.01 ija. Akuti nditumize ngati claim yokonzedwa, osati yatsopano, apo ayi aibweza kuti ndabwereza. Achimwene, dokotala akayankha ndikufunsaninso za ndondomeko ya ziwiri zija, Z13.828 ndi P01.7, iti pamwamba iti pansi.