Botolo la Mouton Rothschild la 1973: ndilitsegule kapena ndiligulitse?

Moni nonse akuluakulu, makamaka inu odziwa za vinyo wokhalitsa.

Malemu amalume anga anandisiyira botolo limodzi la vinyo wa Château Mouton Rothschild la 1973 kuno ku Leeds, ku England. Vuto ndi lakuti vinyo watsika mpaka pamapewa a botolo, ndipo pakhosi pali kamzere kouma kofiirira, kosonyeza kuti chitsekero chinadonthako. Lakhala chigonere m'kabati ya pansi pa masitepe, momwe mumafunda nthawi yotentha.

Chikundiimitsa dzanja ndi mbiri yake. Munda wa mphesa umene vinyoyu amachokera uli ku Pauillac, m'dera la Bordeaux ku France, ndipo Nathaniel de Rothschild anaugula mu 1853. Posanja minda ya ku Bordeaux mu 1855 anauika m'gulu lachiwiri, ndipo Baron Philippe de Rothschild, mwini munda wa pambuyo pake, analimbana nazo zaka zambiri mpaka unakwezedwa kulowa m'gulu loyamba mu 1973 momwemo. Pachikalata cha botolo pali chojambula cha Picasso, katswiri wotchuka wojambula zithunzi, yemwe anamwalira chaka chomwecho. Koma vinyo wa chaka chimenechi anatuluka wopepuka, si wosunga zaka 50 ayi.

Kusitolo ya vinyo anangoti iwo sagula kwa anthu wamba. A okushoni akufuna umboni wa kasungidwe, womwe ndilibe. Pa intaneti mitengo ikusiyana kwambiri moti sikundithandiza.

Ndiye ndifunse: botolo lotsika chonchi alipo angaligule chifukwa cha chikalatacho? Nanga ndikati ndimwe, chitsekero chakale chotere ndichitulutse bwanji kuti chisafumbutukire m'kati, ndipo ndiliimike masiku angati kuti nsenga zikhazikike?