Aphunzitsi atsopano a pakoleji akusiya zimene anaphunzira: tigwire pati?

Mkulu wa dipatimenti:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Tili ndi aphunzitsi atsopano amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi chaka chatha, ndipo malipoti awo a teaching practice ndi abwino. Koma teremu yachiwiri isanathe, ambiri abwerera ku kulembetsa manotsi ndi kulankhula okha mpaka belu. Mawekishopu timakonza, amabwera ndithu, koma m'kalasi simukusintha kanthu.

Wophunzitsa aphunzitsi:
Bambo mkulu, kubwererako kusakudabwitseni. Wofufuza za maphunziro Dan Lortie anafotokoza zimenezi mu 1975: munthu asanayambe kuphunzira uphunzitsi amakhala atatha kale maola pafupifupi 13,000 ali pa desiki kuonerera aphunzitsi ake. Chaka chimodzi kapena ziwiri sizingafufute zonsezo. Kalasi ikakula, silabasi ikathina, zolemba zochonga zikaunjikana, munthu amagwira njira imene anakulira.

Koma vuto lanu lenileni ndi lakuti mawekishopu anu sakulumikizana ndi pamene maphunziro awo analekezera. Lipoti lomaliza la teaching practice limatchula zinthu ziwiri kapena zitatu zimene munthuyo sanazigwire bwino. Pepalalo limathera m'fayilo, inu n'kuwaitanira onse mutu umodzi ngati kuti vuto lawo ndi limodzi. Yambirani pa lipotilo. Mukhale ndi mphunzitsi aliyense payekha mphindi 30, musankhe chinthu chimodzi chokha, ndipo chimenecho ndicho chikhale ntchito yake ya teremu yonse. Chilembedwe mooneka ndi maso. "Kuphunzitsa bwino" sikungayezedwe, koma "ophunzira osachepera 8 ayankhe funso pa phunziro lililonse" kungawerengedwe.

Mlangizi wa aphunzitsi atsopano:
Ndikugwirizana nazo, ndipo nditenge chitsanzo cha mafunsocho. Woonerera akhale kumbuyo ndi wotchi ndi pepala lojambulapo mmene ophunzira akhalira. Mphindi 20 zikukwana. Funso lililonse alilembe mawu ake enieni, awerenge masekondi kuchokera pamene funso latha kufikira pamene mphunzitsi walankhulanso, ndipo achonge pa mpando wa amene wayankha. Asalembe maganizo ake ayi.

Zimene zimatuluka papepalapo zimalankhula zokha: zochonga zonse zili pa mipando itatu yakutsogolo, mafunso ambiri ndi a "mwamva?" ndi "sichoncho?", ndipo mphunzitsi akudziyankha yekha. Wofufuza Mary Budd Rowe anapeza kuti aphunzitsi amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa, ndipo akafikitsa masekondi 3 kapena kuposerapo, mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka. Mukambirane tsiku lomwelo kapena mawa lake, zisanazirale. Muikireni pepalalo patsogolo, mumufunse kuti akuonapo chiyani, inu mukhale chete. Pakatha masabata awiri mubwerenso ndi pepala lofanana kuti afanizire yekha.

Mphunzitsi wa masamu:
Chenjezo limodzi, bambo mkulu: woonererayo asakhale inu. Inu ndi amene mumasaina za kutsimikiziridwa ntchito ndi kukwezedwa. Mukalowa m'kalasi, adzakuonetsani phunziro lokongoletsa ngati lija ankakonzera amene ankawapatsa malikisi, ndipo simudzaona chimene chimachitika masiku ena onse. Chizolowezi chimenechi anachitenga kumaphunziro komweko, kumene kuoneredwa kunali mayeso.

N'chimodzimodzi ndi buku lolembamo mmene phunziro layendera. Ambiri anaphunzira masitepe 6 ounikira mmene phunziro layendera, amene Graham Gibbs analemba mu 1988, koma poti zinkachongedwa, anazolowera kulembera wochonga, masamba awiri a mawu osalala. Achepetsereni. Mizere itatu pansi pa lesson plan: pamene ophunzira anasokonekera, chimene akuganiza kuti chinachititsa, chimene adzasinthe ulendo wotsatira. Palibe malikisi, ndipo amene aziwerenga ndi mlangizi wake basi.

Mphunzitsi wa zamagetsi:
Musaiwale a maluso a manja. Munthu wochokera kuntchito amadziwa kulumikiza waya ali chitsinzire, ndipo n'chifukwa chake amadumpha masitepe osadziwa. Wofufuza Lee Shulman mu 1986 anasiyanitsa kudziwa phunziro ndi kudziwa kaphunzitsidwe ka phunzirolo, monga kudziwiratu pamene wophunzira adzasokoneze series ndi parallel, njira ziwiri zolumikizira zamagetsi. Maphunziro a uphunzitsi amasonkhanitsa anthu a maphunziro osiyanasiyana, choncho mbali imeneyi imatsalira. Mlangizi wake akhale wa luso lomwelo.

Kwa otere microteaching imathandiza, njira yoyeserera kuphunzitsa kaphunziro kakafupi ija inayambira ku yunivesite ya Stanford mu 1963. Aphunzitse mphindi 5 mpaka 10 kwa anzake anayi kapena asanu, wina ajambule pa foni, aonere limodzi, akambirane luso limodzilo, akonzenso, kenako aphunzitse kachiwiri. Ambiri amalekera pa kukambirana, koma kuphunzitsa kachiwiriko ndiko kumene kusintha kumachitikira.

Mkulu wa dipatimenti:
Zamveka, koma nthawi ichokera kuti? Alangiziwo nawonso mapiriyodi awo ndi odzaza. Komanso ena angakane kubweretsa lipoti lawo.

Wophunzitsa aphunzitsi:
Nthawi itengeni ku mawekishopu omwewo. Ofufuza Bruce Joyce ndi Beverly Showers anaonetsa kuti kumva ndi kuonerera njira yatsopano, ngakhale kuiyeserera pa wekishopu, kumafika m'kalasi mwa anthu ochepa kwambiri, pokhapokha pakhale mnzawo wowatsatira kukalasiko. Ndiye chotsani wekishopu imodzi pa teremu, maola akewo muwagawe. Pokonza taimutebulo, mlangizi akhale womasuka pa piriyodi imodzi pamene watsopanoyo akuphunzitsa, komanso pakhale ola limodzi pa masabata awiri limene onse awiri ali omasuka. Mukangoti "muzikumana mukapeza mpata", sadzakumana. Mlangizi mmodzi asapitirire anthu awiri.

Za lipotilo, ndi lake, musamukakamize. Akakana, mlangizi aonerere maphunziro awiri popanda cholinga chilichonse, kenako asankhire limodzi chinthu choyambira. Inu chimene mukufunika kulandira kumapeto kwa teremu ndi cholinga chimene anasankha ndi madeti amene anakumana. Mapepala a zochonga aja atsale kwa awiriwo.