Ndigule chotchetchera chotani cha thalakitala? Udzu wandikulira m'munda wa makademiya

Membala wobisa dzina: Moni nonse. A admin chonde dzina langa lisatuluke, abale ambiri ali m'gulu momwe muno. Ndili ndi munda kwathu ku Thyolo, cha ku Bvumbwe, wa makademiya ndi mapeyala pang'ono. Kale munali nthochi koma zinatha ndi chisaka, ndiye malemu bambo anabzala mitengoyi. Chaka chino nsenjere ndi tsekera zafika m'khosi. Aganyu ndinawapatsiratu theka la ndalama, angotchetcha pang'ono n'kuthawa ati muli njoka. Mlamu wanga amene amayenera kuyang'anira mundawu amangoswera pa bawo, ndikalankhula ati ndikudzimva poti ndimagwira ntchito ku Limbe. Mbuzi za aneba nazo zakungudza timitengo tating'ono, nkhani ili kwa amfumu. Thalakitala ilipo, anasiya bambo, imayenda bwinobwino. Ndikufuna chotchetchera chomangirira kumbuyo chija. Ena akuti slasha, ena flail mower, wina wandionetsa pa Facebook ya timatayala tinayi yogwirapo kale ntchito, yotchipa. Ndigule iti? Mtedza wayamba kugwa ndipo ukungosowa m'udzumo, tulo sindikuona.

Dalaivala Wakale: SLASHA BASI. Musamvere wina aliyense. Ine ndakalambira m'maesiteti a tiyi, thalakitala ndinayamba kuyendetsa ena inu musanabadwe. Slasha ili ndi mipeni iwiri yokha ndi giyabokosi, ikafa wowotcherera aliyense pa Luchenza akukonzerani. Zinazo ndi za pa intaneti.

Make Tadala: Koma achimwene mukufuna kuphwanya nsenjere ndi makina muli pa Bvumbwe? Alimi a ng'ombe zamkaka ali mbwee kumeneko ndipo amasowa msipu. Auzeni adzamweta okha, mwina n'kukupatsani ndowe. Ine ng'ombe zanga ziwiri ndimachita kuzigulira.

Dalaivala Wakale: Mayi, munthu wafunsa za makina, osati za ng'ombe. Mulowetse anthu m'munda mtedza uli pansi, mutola chiyani?

Make Tadala: Bambo, si aliyense wakuba. Musatukwane alimi anzanu.

Makaniko wa pa Chitakale: Bwana, thalakitala yanu ndi mtundu wanji, ya mahosipawa angati? Nanga pakati pa mizere pali mamita angati? Popanda izi tonse tikungolota.

Mnyamata wa pa Goliati: Gulitsani mlamuyo mugulire slasha kkkk

Achakulungwa: Nkhani yaikulu apa ndi ya mlamu wanuyo. Ine zinandionekera, ndinasiyira mlamu munda wa nanazi ku Mulanje, pobwera ndinapeza wabwereketsa theka kwa munthu wina. Itanani ankhoswe mukhale pansi. Mukagula makina ayendetsa ndani inu muli ku Limbe? Yemweyo? Mudzalira.

Wa Mankhwala: Dizilo akuvuta chonchi mukuganiza za thalakitala? Poperani glyphosate, milungu iwiri udzu wauma. Ndipezeni ku inbox.

Mphunzitsi Wopuma: Ayi, zimenezo ayi. Thyolo ndi wa zitunda. Mukapha udzu wonse nthaka ikhala pambalambanda, mvula ikabwera ikokolola zonse. Mwaiwala kale zimene tinaona ndi namondwe wa Freddy mu 2023? Udzu wotchetcha umagwira dothi, ndipo ukawola ndi manyowa. Komanso mankhwalawo akagwera masamba a timitengo tating'ono tija, tipsa.

Wa Mankhwala: Aphunzitsi, timapopera mosamala ife.

Dalaivala Wakale: Mankhwala pa udzu wofika m'khosi? Ukauma uimabe chiimire, mtedza muutola bwanji? Kenako wina aponye ndudu, munda wonse phulusa. Ndanena kale, SLASHA.

Mlimi wa ku Thekerani: Slasha yomwe mukuitamayo inatsala pang'ono kundiphera mwana. Inatola mwala n'kuuponya kutali, unaphwanya galasi la pazenera pomwe iye anakhala. Mpaka lero ndikaimva kulira mtima umagunda. Ngati pali nyumba kapena njira ya anthu pafupi, ganizani kawiri. Flail mower imamenya udzu ndi tinyundo tambiri tozungulira pa mgolo, zonse zimagwera pansi pomwepo, ndipo udzu umanyenyeka bwino moti mtedza umaoneka.

Dalaivala Wakale: Slasha yanuyo inalibe matcheni otchinga, vuto ndi lanu. Flail yo mtengo wake mukuudziwa? Malamba akaduka, tinyundo tikatha, mabering'i akafa, mukawapeza kuti? Mudikira katundu wa ku Joni mpaka udzu umerenso. Komanso imadya mphamvu kuposa slasha.

Mlimi wa ku Thekerani: Achikulire, kuyankhula mokweza si kudziwa. Mwana wanga mukuti vuto ndi langa?

Dalaivala Wakale: Za mwana pepani. Koma mfundo yanga sindisintha.

Makaniko wa pa Chitakale: Pamene akuluakulu akukangana, ndinene izi. Ya timatayala tinayi ija isiyeni ngakhale itchipe, ndi ya kapinga wa pabwalo, mu nsenjere itsamwa n'kuwotcha malamba. Ngati thalakitala ndi yaing'ono ngati Massey Ferguson 135, ya mahosipawa pafupifupi 45, slasha ya mita 1.2 kapena 1.5 ndi yokwana, yoposa apo injini ibanika mu udzu wotere. PTO (shafti ya kumbuyo kwa thalakitala yomwe imazunguza chotchetchera) izungulire maulendo 540 pa mphindi, giya yotsika. Onani kuti pa shafti pali shear bolt kapena slip clutch, kuti mukagunda chitsa chiduke ndi chimenecho osati giyabokosi. Mathalakitala ena akalekale amafunanso overrunning clutch, apo ayi mukaponda klachi mipeni imakankhabe thalakitala kupita kutsogolo, n'kukagunda mtengo. Ndifunsenso, yanu ndi iti?

Mayi Busa: Za njokazo musazitenge mopepuka, uzani ana asalowemo kufuna mtedza kufikira mutatchetcha. Tikupemphererani pamodzi ndi banja lanu.

Mphunzitsi Wopuma: Musanalowetse makina alionse yendani m'mundamo ndi ndodo mutavala magambuti, muchotse miyala, zitsa muzibaye chizindikiro. Ulendo woyamba tchetchani m'mwamba, wachiwiri mutsitse. Kuzungulira tsinde malizani ndi chikwakwa, mizu ya makademiya imayenda pamwamba ndipo khungwa likasupuka mtengo umadwala. Pamalo otsetsereka musayende chopingasa.

Dalaivala Wakale: Aphunzitsi zimenezo ndi zomwe ndimati ndinene. Onjezani kuti azipukuta rediyeta pafupipafupi, njere za udzu zimatseka, injini n'kuwira. Ndipo shafti ikhale ndi chivindikiro chake, ndinaona munthu jekete itakokedwa. Ana a masiku ano safuna kumva.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse, ndawerenga. Achakulungwa mwandilasa mtima, mlamuyu dzulo lomweli wabwereketsa ngolo osandiuza. Za ng'ombe ndiganizira. Ya pa Facebook ndaisiya. Thalakitala ndi yofiira, mapepala ake ali kumudzi. Ndiye pakati pa slasha ndi flail ndigule iti?

Dalaivala Wakale: SLASHA!

Makaniko wa pa Chitakale: Bwana, zofiira zilipo zambiri. Tumani mwana ajambule nambala ili m'mbali mwa boneti ndi kumbuyo komwe kuli PTO, ayezenso mpata wa pakati pa mizere, muponye pano. Musapereke ndalama kwa wogulitsa aliyense tisanaone zithunzizo.