Kodi ndifufute WhatsApp ndi TikTok mayeso asanafike?

Nachisale:
Anzanga ndithandizeni nzeru. Ndili chaka chachiwiri ku yunivesite ndipo magiredi a semesita yatha sanandisangalatse. Amene ndimagona naye chipinda chimodzi akuti vuto ndi foni, ndifufute zonse. Komatu manotsi, kusintha kwa nthawi ya kalasi, ngakhale tsiku lopereka asayimenti, zonsezi zimabwera pa gulu la WhatsApp la kalasi yathu. Kuchokamo ndi kudzipha ndekha. Kodi ulipodi umboni woti masamba a mchezo amagwetsa magiredi, kapena ndi kungoopsezana?

MphunzitsiWakale:
Umboni ulipo achemwali, koma sukunena zimene mnzanuyo akunena. Mu 2010 Paul Kirschner ndi Aryn Karpinski adapeza kuti ophunzira a pa Facebook anali ndi magiredi otsikirapo komanso ankawerenga maola ochepa. Anthu adaithamangitsa nkhaniyo, kuiwala kuti kafukufuku wotere sangakuuzeni chidayamba n'chiti. Mwina Facebook idawalanda nthawi, mwinanso amene sukulu yawakanika kale ndi amene amathawira kumeneko.

Amene amandikhutiritsa ine ndi Reynol Junco. Mu 2012 adafunsa ophunzira oposa 1,800, n'kuonanso magiredi awo enieni a ku ofesi, osangokhulupirira zonena eni ake. Kukhalitsa pa Facebook kudayenderadi limodzi ndi magiredi otsika, koma zimene munthu amachita akalowamo zinali ndi gawo: kugawana malinki kunkayendera limodzi ndi magiredi abwinopo, pomwe kumangolemba za iwe mwini kunkayendera limodzi ndi otsika. Iye ndi Shelia Cotten adapezanso kuti kutumizirana mauthenga kapena kulowa pa Facebook uku ukulemba ntchito ya kusukulu kumayendera limodzi ndi magiredi otsika. Apa m'pamene pagona nkhani. Mumawerenga ndime imodzi, foni yalira, mwayankha, pobwerera mwaiwala pomwe mfundo imalowera, mwayambiranso. Mukadzuka pampando mumati ndawerenga usiku wonse, chonsecho m'mutu mwatsala zidutswa.

Kadzidzi:
Ine sindivomereza zoika WhatsApp ndi TikTok m'thumba limodzi. Uthenga wa pagulu umatha ukauwerenga. TikTok ilibe pothera, idapangidwa dala kuti kanema akatha wina ayambe. Chotsani imeneyo mpaka mayeso adutse, gulu la kalasi mulitseke pakamwa lisamalire, muzilitsegula nokha m'mawa ndi madzulo. Ndipo tisanamizane, pa gulu lomwelo mauthenga a sukulu ndi ochepa, ambiri ndi nthabwala ndi mikangano ya mpira.

Mlongoti:
Ndiwonjezereko za m'kalasi. Ku Canada mu 2013 Faria Sana ndi anzake adayesa ophunzira atangomvetsera phunziro. Amene ankachita zina pa laputopu phunziro lili m'kati sadakhoze bwino, izo n'zosadabwitsa. Koma nawonso okhala poti ankatha kuona sikirini ya anzawowo adatsika, ngakhale iwo sadakhudze kanthu. Ndiye achemwali onaninso amene mumakhala kumbuyo kwake.

Nachisale:
Zikomo nonse. A Kadzidzi, TikTok ndaichotsa pompano. Za gulu zikundivutabe, chifukwa mphunzitsi wathu wina amasintha chipinda kutatsala mphindi zochepa kuti kalasi iyambe. Ilipo njira yoti mauthenga a kalasi repu okha ndiwo azilira, enawo akhale chete?