Kumata chikopa cha njoka kumsana kwa uta wa Osage

Chimwemwe, Tulsa:

Moni nonse. Ndikusema uta wanga wachiwiri ndi mtengo wa Osage orange, umene umamera kwambiri kuno ku Oklahoma, ndipo popeza mtengowo unali ndi mfundo ziwiri zondikayikitsa, ndinayala nsinga za gwape kumsana kwake pogwiritsa ntchito guluu wophikidwa kuchokera ku zikopa. Tsopano patha masabata atatu. Mnzanga wina wandipatsa zikopa ziwiri za njoka ya rattlesnake, zofufutidwa bwino, zofewa ngati nsalu. Kodi chikopa chotere chimawonjezera mphamvu ya uta, umene ndisanayale nsinga unkafuna mphamvu ya mapaundi 45 kuti chingwe chake chikokedwe mainchesi 28? Nanga ndingathe kumata sabata ino?

Bambo Nkhoma:

A Chimwemwe, chikopa cha njoka sichiwonjezera mphamvu ngakhale pang'ono. Msana wa uta, ndiko kuti mbali imene imayang'ana kwa nyama pamene mukukoka, umatamuka, ndipo chimene chimalimbana ndi kutamukako ndi nsinga zimene mwayala kale. Vuto la nsinga ndi guluu wa zikopa n'lakuti zonse ziwiri zimamwa chinyezi, kotero kuti uta wolimba m'chilimwe umatha kufooka nyengo ya mvula. Apa ndi pamene chikopa cha njoka chimathandiza: chimaphimba nsingazo, chimabisa kukhakhala kwake, komanso mawanga ake amachititsa kuti uta usaoneke msanga m'tchire.

Koma musamate sabata ino. Nsinga zimapitiriza kuuma ndi kukhwinyata kwa miyezi, ndipo pouma zimakokera uta chakumsana. Mukaziphimba zisanaume, mutsekera chinyezi m'kati. Ineyo ndimadikira miyezi iwiri kapena itatu, kenako ndimamaliza kupala mimba ya uta, mbali imene imayang'ana kwa woponya, mpaka mbali zonse ziwiri zizipindika mofanana, ndimaponya mivi yambiri ndithu, ndiye pomaliza penipeni n'kumata chikopa.

Za zikopa zanuzo ndili ndi nkhawa. Zikopa zofufutidwa nthawi zambiri zimakhala ndi mafuta kapena glycerin, ndiye chifukwa chake zili zofewa, ndipo guluu sagwira bwino pamenepo. Funani zikopa zimene zinangosendedwa, kupalidwa mnofu ndi kuyanikidwa pamthunzi, zouma gwa ngati pepala.

Mayi Nabanda:

Ndikugwirizana ndi Bambo Nkhoma, ndipo ndiwonjezerepo za kamatidwe kake, chifukwa ndi pamene ambirife tinalirapo. Pamafunika zikopa ziwiri zofanana mtundu ndi kukula kwa mawanga, chimodzi mbali iliyonse, zikumane pa chogwirira pamene mudzakulungapo chikumba. Mchira uloze kunsonga, popeza mawanga amachepa polowera kumchira monga momwe uta umawondera.

Vikani chikopacho m'madzi ofunda pang'ono kwa mphindi 20 kapena 30, chipukuteni ndi nsalu, ndipo muyang'ane kunsi kwake ngati kwatsala timafuta kapena timnofu, n'kutipala ndi supuni. Pakani guluu mopyapyala kumsana kwa uta, yalani chikopa mzere wa pakati pa mawanga utalunjika pakati pa uta, kenako muzisisita ndi chala chonyowa kuchokera pakati kupita m'mphepete mpaka mpweya wonse utatuluka. Thovu la mpweya limene mungaphonye, libooleni ndi singano guluu asanaume. Ambiri kuno amagwiritsa ntchito guluu wa matabwa wotchedwa Titebond, koma pamwamba pa nsinga ine ndimakonda guluu wa zikopa yemweyo, chifukwa amagwirana ndi amene ali kale pansi. Ena amakulunga bandeji. Mukatero musamange kwambiri, chifukwa imasiya mizere yosachoka. Patapita tsiku limodzi kapena awiri, dulani zotsala m'mphepete ndi lezala, kapena ndi tupa yosalala mukukhula cholozetsa kumimba kwa uta kuti chikopa chisamatuke.

Cholakwa changa pa uta woyamba chinali kusiya mamba. Ndinapaka vanishi pamwamba pake, ndipo nditakoka kangapo mambawo anayamba kutukuka limodzi ndi vanishiyo, uta n'kuoneka ngati wagwa zikanga. Mamba amachotsedwa chikopa chitauma: matani tepi ya pepala, ikanikizeni, ikokeni motsata kumene mamba agonera, ndipo bwerezani mpaka tepiyo izibwera yoyera. Mawanga sachoka, chifukwa ali m'chikopa chenichenicho.

Achimwene a ku Dallas:

Mufunsenso kumene zikopazo zachokera. Mitundu ya njokayi yotchedwa western diamondback ndi prairie rattlesnake imapezeka mosavuta m'madera ano, koma timber rattlesnake ndi yotetezedwa ndi malamulo m'maboma angapo, monga New York. Ndipo musaganize zoitanitsa chikopa cha nsato kuchokera kumudzi, pakuti nsato zili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, ndipo chikopa chake sichidutsa malire popanda chilolezo. Khungu limene njoka yafundula nalonso n'losathandiza, limang'ambika mukangolinyowetsa.

Chimwemwe, Tulsa:

Zikomo kwambiri nonse. Ndapukuta chikopa chimodzi ndi pepala loyera ndipo lathimbirira ndi mafuta, monga anenera Bambo Nkhoma. Zikopa ziwirizi ndisokera phodo la mivi. Uta ndaupachika m'chipinda chouma mpaka Januwale, ndipo pakadali pano ndikufunafuna zikopa zosafufuta zotalika kupitirira mainchesi 34.