Timiphika tadothi tingafike bwanji ku UK osasweka?

Akuluakulu, amene munatumizapo katundu wosweka kunja, ndithandizeni nzeru. Ndili pa Kasungu boma ndipo ndangoyamba kumene kugulitsa timiphika tadothi ndi ziboliboli pa okushoni ya pa intaneti ya eBay, osati ya fodya ya ku Chinkhoma ayi. Kamphika kamodzi kagulidwa ndi mayi wina wa ku Manchester, ndiye ndikufunika kukatumiza msanga.

Chondizunguza mutu ndi kalongedzedwe. Bubble wrap (pulasitiki wa timatuza tampweya wokulungira zinthu zosweka) kuno ngosowa. Ndikuganiza zokulunga kamphikako ndi nyuzipepala zambiri, kudzazanso zina m'kati mwake, kenako kukaika m'katoni kakang'ono, katoniko n'kulowa m'katoni ina yaikulu yokhala ndi masiponji a matiresi akale m'mbali monse. Kodi zimenezi n'zokwanira? Paja katunduyu ayamba wagwedezeka m'minibasi pa msewu wa M1 mpaka ku Lilongwe, asanakwere n'komwe ndege.

Vuto n'lakuti katoni ikakula, mtengo nawonso umakwera. A DHL amachulukitsa kutalika, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita n'kugawa ndi 5,000, ndipo yankholo amalitenga ngati makilogalamu; likaposa kulemera kwenikweni, mumalipira makilogalamu amenewo. Phindu langa lonse likhoza kuthera pomwepo. Nanga EMS ya ku positi ofesi, alipo anaiyesapo ndi zinthu zadothi? Inshulansi yake imalipira katundu akafika wosweka, kapena akasowa basi?

Chinanso, pa ziboliboli zamitengo, kodi pamafunika kalata ya a zankhalango ndisanazitumize? Ngati imafunika, ndingaitenge konkuno ku Kasungu?